Woyamba Ndi Uti

Mwana wanga wamkazi anabadwa chaka chimene boma linachotsa mapaundi ndi mashereni n'kutipatsa makwacha ndi matambala. Linali dzinja, mtsinje wa Domasi utadzaza mpaka m'mabango, udzudzu uli ng'wii ngakhale masana. Ndinachirira m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya amayi, kwathu ku Malemia. Kanali kamwana kochepa thupi koma kamawu, moti azamba anaseka n'kunena kuti, "Aka katengera make pakamwa."

Kwathu mwana akabadwa, iye ndi mayi wake amakhala m'chikuta. Simutuluka, mwamuna salowamo, ndipo chakudya amakupatsirani momwemo mpaka mchombo utagwa. Ukagwa amamumeta mwanayo, amamusambitsa, n'kumubweretsa pakhomo. Pamenepo munthu amene ali ndi udindo amatchula dzina mokweza, anthu onse akumva, n'kuika kamphatso m'dzanja la mwana. Dzina lisanatchulidwe mwana sadutsa pakhomo limenelo. Akuluakulu ankati akadutsa akumana ndi anthu otentha m'njira, atsempheka, atupa n'kufa.

Mwambo umenewu ndinkaudziwa kuposa amene ankandiphunzitsa, chifukwa m'kanyumba komweko ndinali nditagonamo kale. Zaka ziwiri m'mbuyomo ndinabereka mwana wina, wamkazinso. Anayamwa. Anatsegula maso. Anandigwira chala ichi, chamkombaphala. Koma mchombo usanagwe anatisiya. Mwana wotero amati nthayo. Salira maliro, sakhoma bokosi, amuna sabwera, belu la ku tchalitchi silira, shehe saitanidwa. Amayi anga ndi amayi ena achikulire anamukulunga m'kansalu n'kutsikira naye kudambo, kumunsi kwa nthochi zathu. Atabwerako anasamba m'manja n'kundiuza kuti, "Usalire, ungatseke mimba. Anali madzi chabe."

Madzi! Kodi madzi amagwira chala?

Ndiyenera kufotokoza za banja lathu kuti mumvetse chimene chinadza pambuyo pake. Ife ndife Akhristu, ndipo agogo athu anachita kuyenda wapansi kuchokera ku Mozambiki. Abambo anapita ku Halale ine ndili wamng'ono, anatchona konko. Mwini mbumba anali amalume, mlongo wawo wa amayi, mkulu wa mpingo ku Domasi Mishoni, munthu wa jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Amuna anga anali Myao, Msilamu, telala wa pakhonde la sitolo ku Naisi. Anabwera kudzakhala kwathu chikamwini, ndipo ukwatiwo amalume anaulola akukukuta mano. Bamboyo anali wofatsa mopitirira muyeso. Ukawaponda phazi amapepesa ndi iwo. Amayi awo anamwalira iwo ali mwana, ndiye amene anawalera anali mng'ono wa malemuwo, mayi wogulitsa matemba ndi mchere, wa lilime lakuthwa ngati langa. Amenewo ndiwo ndinkawatcha apongozi.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mbali zonse ziwiri zinkafuna dzina limodzi lomwelo. Linali dzina la malemu amayi a amuna anga, ndipo likupezekanso m'Baibulo. Sindililemba pano, mwini wake ndi gogo tsopano ndipo wandiletsa. Ndingonena kuti a ku mishoni amalidula kumchira n'kulitchula mouma, monga anaphunzitsira azungu akale, pamene a ku mzikiti amalifewetsa pakati n'kulikoka kumapeto. Kalembedwe kake ndiye musanene, aphunzitsi awiri akhoza kugwirana m'khosi. M'chigwa chathu ukangomva mmene mayi akuitanira mwana wake pachitsime, umadziwiratu ngati pakhomopo amavala zoyera Lachisanu kapena Lamulungu. Choncho wotchula dzina pakhomo la chikuta ndiye anali kumuika mwanayo m'njira yake.

Lamulo lake linali losavuta. Mwana woyamba amatchulidwa ndi a kuchimuna, wachiwiri ndi a kuchikazi.

Mchombo utagwa amayi anatumiza uthenga. Apongozi anafika m'mawa kuchokera ku Naisi, atakwapatira nkhuku yoyera m'khwapa, mikanda atamanga pamfundo ya mpango. Amalume nawo anatulukira ndi jekete lawo ndi Baibulo. Anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, pafupi kwambiri ndi kanyumba kanga. Khoma linali la mabango omata, choncho ndinkamva chilichonse, ngakhale munthu akameza malovu.

Atapatsana moni wautali uja, apongozi anayamba. "Tabwera kudzatulutsa mwana wathu, asewere. Ndi woyamba, ndiye pakamwa ndi pathu."

Amalume anatsokomola. Kutsokomola kumeneko ndinkakudziwa, ankatsokomola choncho asanayambe kulalikira. "Pepani asewere, mwina mwaiwala. Uyu ndi wachiwiri."

"Wachiwiri? Woyambayo ali kuti? Tamuitaneni timuone."

"Mukudziwa kumene ali."

"Ine sindikudziwa. Maliro sindinamve. Kodi inu munapita? Munaimba nyimbo? Ija inali nthayo, asewere, ndipo nthayo sawerenga. Funsani amayi ali apawa."

Amayi anga anayankha motsitsa mawu kuti n'zoona, nthayo sawerenga.

"Pamaso pa Mulungu aliyense amawerengedwa," anatero amalume. "Mwayi wanu unali pa mwana uja. Ngati munachedwa nalo dzina, si mlandu wathu."

Ndinakhala tsonga pamphasa, mwana ali kubere. Amalume amenewa tsiku limene mwana wanga anatsikira kudambo anali kumunda akupalira. Sanabwere ngakhale kudzaima kuseri kwa khoma n'kunena kuti pepa. Lero ndiye amukumbukira, chifukwa akufuna kupambana mkangano. Ndipo apongozi, mayi woti anaberekapo, akufunsa kuti tamuitaneni timuone! Ndinafuna kukuwa. Azamba anali nane m'katimo, anandigwira phewa n'kundinong'oneza kuti mkaka wa munthu wokwiya umatsegula mwana m'mimba. Ndinameza.

Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. Amuna anga anali pomwepo, atakhala pachitsa chapatali monga akhalira mkamwini, ndipo sindinamve liwu lawo ngakhale limodzi. Pomaliza apongozi ananyamula nkhuku yawo. Anati abweranso akakambirana ndi abale awo, ndipo mwana asatuluke iwo kulibe, akatuluka ndiye kuti ukwati watha. Amalume anati palibe vuto, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anadekhadi, iwo. Masiku anapita. Uthenga unkapita ku Naisi n'kubwerako, wina unkapita kwa amalume n'kubwerako, ine ndili m'kanyumba konunkha utsi ndi matewera osauma. Anzanga amene ndinachira nawo mwezi umodzi anali atayamba kale kupita kumtsinje ana ali kumbuyo. Wanga ankangotchedwa "kamwanako."

Kenaka kanayamba kutentha thupi.

Poyamba kankalira kosalekeza, kulira kwa mtundu wina, koonda. Ndikakapatsa bere kankagwira pang'ono n'kulavula. Ndinaika mlomo wanga pachipumi pake ndipo ndinamva moto. Ndinawaitana amayi.

"Akulirira dzina," anatero amayi. "Mwana akachedwa kutchulidwa amatero. Malemu agogo ake aja akufuna dzina lawo limveke."

"Amayi, awa ndi malungo. Tiyeni naye kuchipatala ku mishoni."

"Atuluka bwanji wopanda dzina? Ukufuna atsempheke? Msewu wonse uja, anthu ochokera uku ndi uku, ukudziwa kumene agona?"

"Ndiye mutchuleni inuyo!"

"Ine? Iwe, usandiputire mlandu. Malume ako andidya wamoyo, ndipo apongozi ako amutenga mwana wawo. Ukhala mbeta ndi khanda m'manja."

Musaganize kuti amayi anali ouma mtima. Ankaopa zenizeni, ndipo inenso ndinkaopa. Ndinakulira m'mawu amenewo. Ndinali nditaonapo mwana wotupa masaya ndi mapazi, anthu akuloza mayi wake kuti ndi amene anamutsempha. Ndikaganiza zotuluka ndinkaona chala cha mudzi wonse chikuloza ine. Ndikaganiza zokhala ndinkaona kansalu kaja kakutsikira kudambo kachiwiri, amayi akusamba m'manja, n'kundiuzanso kuti anali madzi. Amayi anabweretsa timizu tonyika m'chikho, tinamudonthezera mwanayo m'kamwa, koma thupi silinazizire.

Madzulo ake, dzuwa likulowa kuseri kwa phiri, ndinamva kukhwakwata kuseri kwa khoma. Anali amuna anga, atangofika kuchokera ku Naisi. Ankabwera pamenepo tsiku lililonse, kuima panja ngati wakuba pakhomo pawo pomwe.

"Mayi, ali bwanji mwana?"

"Mukufunsa ndani? Mwana wake uti? Inu muli ndi mwana? Ena akuti uyu ndi woyamba, ena akuti ndi wachiwiri, inu muli phee ngati chitsa mumakhalira chija."

"Ndine mkamwini, mayi. Ndikayankhula pabwalo la eni ake..."

"Mkamwini pobereka simunali mkamwini! Mwana akutentha ngati mbaula. Akafa uyu, bambo, musadzabwerenso kuseri kuno kudzandifunsa kuti ali bwanji. Mudzapite ndi makina anu."

Ndinkamva kupuma kwawo kupyola m'mabango. Kenaka anati, "Mawa ndibwera nawo amayi, ngakhale powanyamula." Ndinamva njinga ikutuluka pachipata, kubwerera ku Naisi komwe anali atangochokako.

Kutacha anabweradi nawo, atawakweza pakaliyala, nkhuku yoyera ija ili m'manja. Amalume anaitanidwa. Azimayi a m'mudzi anasonkhana chapatali, ena ndi makasu awo, poti nkhani inali itamveka. Mphasa inayalidwa pansi pa mango pomwe paja.

Koma m'kanyumba zinthu zinali zitasintha. Mwana anali atasiya kulira. Amayi anati mwina wapezako bwino, koma sanandiyang'ane m'maso. Ine ndinkadziwa kuti kulira kuli bwino kuposa chete ameneyu, chifukwa mkulu wake uja anayambanso choncho. Maso anali otseka mwatheka, liwombo litalowa m'kati, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mofulumira ngati ka mwanapiye. Ndinamufinyira mkaka pamilomo ndipo unangotsikira kukhosi kwake kunja.

Panja anali atayambiranso pomwe anasiyira, mawu omwewo, ngati nyimbo ya pamtondo. Apongozi anati abale awo onse agwirizana kuti nthayo sawerenga. Amalume anati iwonso afunsa anzawo ndipo onse akuti mzimu ndi mzimu. Apongozi anati ngati ndi choncho awaonetse manda. Amalume anati nkhaniyi ndi yaikulu, mwina ifunika ankhoswe a mbali zonse adzakhale pansi Loweruka.

"Palibe chothamangira," anatero. "Mlandu suwola."

Loweruka! Sindikumbukira kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangozindikira ndakankha chitseko cha bango, ndaima pakhomo, mwana ali m'manja, nsalu ili m'chiuno mokha, tsitsi lili nyankhalala. Kuwala kunandilasa m'maso. Azimayi aja anati "Iii!" onse pamodzi. Amayi anandigwira mkono kumbuyo, ndinawasasa.

"Mlandu suwola, amalume, koma mwana amawola. Tamuonani!"

"Iwe, bwerera m'nyumba," anatero amalume. "Ukuyankhula ndi ndani choncho?"

"Ndi inuyo. Ndi inunso apongozi. Phazi langa ili likutuluka. Ndikupita naye kuchipatala, ndi dzina kapena wopanda dzina. Akatsempheka, mudzadziwe kuti mwamutsempha ndinu awiri, ndipo ndidzanena pamaliro pake. Chifukwa uyu ndiye ndidzamulira, ndikuuzeni. Uyu simukamutaya kudambo mwakachetechete. Ndidzakuwa mpaka ku Naisi adzamve."

Nkhuku ija inali kuphupha pamphasa, miyendo yomanga.

Ndinatembenukira kwa amuna anga pachitsa chawo. "Bambo, ndikufunsa inu. Osati amalume, osati amayi anu. Ine ndakuberekerani ana angati?"

Anaimirira pang'onopang'ono. Anavula kachipewa kawo koyera, n'kukavalanso.

"Awiri," anatero.

"Mwanache!" anakuwa apongozi m'Chiyao, ngati akukalipira kamwana. "Khala pansi!"

Sanakhale. Anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa kanthu kopindapinda. Kanali kadiresi, kakang'ono ngati mpango wa m'manja, kosokedwa ndi tizidutswa ta nsalu totsala pa makina. Nsalu yake ndinaizindikira. Inali ya maluwa achikasu imene azimayi ankasoketsa zaka ziwiri m'mbuyomo, ndili ndi pakati poyamba. Sindinadziwe kuti anasoka kanthu kotere, ndipo sindinadziwe kuti anakasunga nthawi yonseyi.

"Amayi," anatero kwa apongozi, "woyamba ndi wathu, monga mwanenera. Ndiye ine ndikumutchula."

Anatembenuka kuyang'ana kumunsi. Malo enieni sankawadziwa, poti amuna sauzidwa, ndiye anangoyang'ana cha ku nthochi, chakumanzere kwambiri. Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Amayi anga, omwe aja a "nthayo sawerenga," anali ataima pambali panga atagwira pakamwa. Anachotsa dzanja n'kuloza ndi mlomo chakumanja pang'ono, kumene kunali mtengo wa mkuyu. Amuna anga anaona. Anasuntha mapazi.

Ndipo analitchula. Mokweza, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, molifewetsa pakati ndi kulikoka kumapeto, monga amatchulira ku mzikiti. Dzina la mayi wawo. Analitchula ngati mmene umaitanira mwana amene wapita kukasewera patali.

Azimayi ena anathawira kuseri kwa nkhokwe. Kutchula nthayo dzina ndi kuiitana, ankatero, ndipo palibe anali ataonapo zotere. Apongozi anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Dzina la mkulu wanga," anatero, "walitaya m'matope."

"Sindinalitaye, amayi. Ndamupatsa mdzukulu wawo."

Ine misozi inali ikungotsika, ija anandiletsa zaka ziwiri zapitazo, koma nthawi yolira panalibe. Ndinatambasula manja kuonetsa mwana. "Amalume, mwapambana. Uyu ndi wachiwiri. Tchulani, tizipita."

Munthu wopambana sindinamuonepo akuoneka choncho. Amalume anabwera pakhomo akukoka mapazi, Baibulo atalisiya pamphasa. Anali atakonza pemphero lalitali, ndikudziwa, poti anali munthu wa mapemphero aatali. Atamuyang'ana mwanayo pafupi nkhope yawo inasintha. Ndikhulupirira kuti mpaka nthawi imeneyo ankaganiza kuti ndi nkhani za azimayi zokokomeza. Analitchula dzinalo mwachidule, mouma, monga a ku mishoni, koma liwu linawathera pakati ndipo anachita kubwereza. Anatulutsa kandalama katsopano kaja ka tambala n'kukaika m'dzanja la mwana. Dzanjalo silinafumbate. Kandalamako kanagwera pansi n'kugubuduzika.

"Thamangani," anatero amalume. "Mukudikira chiyani? Thamangani!"

Za kumeta ndi kusambitsa palibe anazikumbukira. Amayi anandiponyera nsalu paphewa. Ndinakwera pakaliyala, mwana ndamukumbatira pachifuwa, ndipo amuna anga anapalasa njinga ija ngati yabedwa. Njira inali matope okhaokha. Pena tinkatsika n'kumathamanga wapansi, iwo akukankha njinga, ine ndikuterereka. Tinakumana ndi anthu ambiri, ochokera kumunda, ochokera kuchigayo, ndipo aliyense amene ankayandikira ndinkamufulatira, poti mantha a tsempho anali asanandichoke. Ndinkangoika khutu pakamwa pa mwana kuti ndimve ngati akupuma. Njira yonse ndinkamuitana dzina lake latsopanolo, ndipo sindikudziwa kuti ndinkalitchula mwa mtundu uti.

Kuchipatala tinapeza mzere, koma mayi wina wa kutsogolo atasuzumira m'nsalu anakuwa kuti atipatse njira. Bambo wovala zoyera anatenga khadi ndi cholembera.

"Dzina la mwana?"

Ndinatchula.

"Timalemba mitundu ingapo limeneli. Lanu ndi liti?"

Ine ndi amuna anga tinayang'anana. Ndinamva kutentha kukukwera m'mutu.

"Lembani mmene mungathere, bambo, koma yambani mwamubaya jakisoni!"

Sanakwiye. Anamuyang'ana mwanayo, anasiya cholembera, n'kuitana anamwino. Anati ndi malungo, ndipo tikanachedwa pang'ono zikanakhala zina. Singano italowa mwana sanalire, ndipo ine ndinagwira khoma. Tinagonekedwa. Tsiku lotsatira, chakumasana, ndinamva kakamwa kakufunafuna pachifuwa panga, kenaka kanagwira bere n'kukoka. Ndinawatuma anamwino kuti akauze bambo ali pakhonde aja. Atabwerako anati, "Amuna anuwo akulira ngati mwana, kodi ndi woyamba?" Ndinati ayi, ndi wachiwiri.

Sanatupe masaya, sanatupe mapazi. Amayi anati ndi chifukwa dzina linatchulidwa phazi langa lisanadutse pakhomo. Ine sindinatsutse, ndinali nditatopa ndi mikangano.

Amalume sanayankhulepo za tsiku limenelo mpaka imfa yawo. Kandalama kaja amayi anakatola, anakaboola n'kumumangirira mwana m'chiuno, ndipo amalume ataona anayang'ana kumbali, iwo amene ankadana ndi zithumwa. Kadiresi ka maluwa achikasu amayi anakatenga m'mawa wina n'kutsikira nako kudambo okha. Anabwerako chimanjamanja, ndipo ulendo umenewu sanasambe m'manja.

Apongozi ndiwo anatisala. Anachoka tsiku lija ndi nkhuku yawo, ndipo amuna anga akapita kukawaona ankawafulatira. Chimanga chinacha, tinakolola, tinasosa, iwo osaponda pakhomo pathu. Ine ndinati zawo izo, ndilibe nawo ngongole. Koma ndinkaona mmene zinkawadyera amuna anga, munthu woleredwa ndi mayi ameneyo kuyambira ali wosavala.

Anatulukira mvula yoyamba itagwa, mwana atayamba kukwawa. Anabwera ndi kamtolo ka matemba, nkhope ili gwa. Moni anayankha mwachidule. Anakhala pakhonde n'kumamuyang'ana mwanayo akulimbana ndi chitsononkho pabwalo. Kenaka anamasula mfundo ya mpango, anatulutsa mikanda ija, anaomba m'manja, n'kumuitana. Anamuitana mwa kwawo, mofewetsa pakati, mokoka kumapeto.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze. Ndinafuna kunena kuti limenelo lili ndi mwini wake, ali pansi pa mkuyu. Koma mwanayo anali atatembenuka kale. Anasiya chitsononkho, anakwawa molunjika, n'kukagwira bondo la agogo ake. Apongozi anamunyamula, anamuveka mikanda, n'kubisa nkhope yawo m'khosi mwake. Amuna anga anandiyang'ana mondipempha. Ndinatseka pakamwa panga, ndipo amene amandidziwa akhoza kukuuzani kuti zimenezi sizichitika kawirikawiri.

Kuyambira pamenepo wakhala akuitanidwa pawiri. Kwathu ndi ku tchalitchi amamutchula modula, ku Naisi amamutchula mokoka, ndipo mapepala ake a sukulu ndi a chipatala sagwirizana mpaka lero. Iye amangoseka, amati bola asamutche wakuba. Amayankha onse.

Ine ndiye sindinazolowere. Ndakalamba, maso achita chifunga, mkuyu uja anaudula kalekale ndipo padambopo anthu analimapo mpunga. Koma wachibale wa ku Naisi akafika pakhomo n'kuitana dzina lija mokoka, mwana wanga amayankha kuti "Wawa" ali kukhitchini, ndipo ine, ndisanaganize n'komwe, ndimapezeka ndatembenukira kumunsi, chakumanja pang'ono kwa nthochi, kudikira winayo.